Maso a Bwana Ali kwa Wogulitsa

Amayi anzanga, sabata ino tikambirane funso limene limasowetsa tulo mayi wokazinga mandasi ndi bwana wamkulu wa kampani chimodzimodzi: kodi mawa tiphike zochuluka bwanji? Mukaphika zochepa, ogula amapita ndi ndalama zawo kwa mnzanu. Mukaphika zambiri, zotsala zimauma m'dengu ndipo mpamba umayamba kudyeka. Mayi amayankha funsoli poona yekha mmene malonda ayendera. Koma bwana wa masitolo mazanamazana sangaime pakhomo pa sitolo iliyonse. Iye amaona kudzera m'mawerengero amene ena amamtumizira, ndipo pa mawerengero omwewo amamangapo mapulani a zaka zam'tsogolo.

Ku England kunali kampani yotchedwa J. Lyons & Co., imene inali ndi nyumba zomweramo tiyi pafupifupi 200, zambiri mwa izo mumzinda wa London. Dzinali si lachilendo kwenikweni kwathu kuno, pakuti m'zaka za m'ma 1920 kampaniyi inatsegula munda wa tiyi wa Lujeri ku Mulanje. Phindu la kapu imodzi ya tiyi kapena banzi imodzi linali laling'ono zedi, kotero kuti zakudya zikamawonongeka pang'onopang'ono m'nyumba iliyonse, phindu lonse likanatha osadziwika kumene lapita.

M'chaka cha 1947 akuluakulu awiri a kampaniyi anapita ku America, ndipo anabwerako ndi mbiri ya makina atsopano owerengera. Kampani inathandiza ndi ndalama akatswiri a ku yunivesite ya Cambridge amene ankapanga makina otere, kenaka inapanga akeake ndi kuwatcha LEO. Kompyuta imeneyi inadzaza chipinda chachikulu. Mu Novembala 1951 inayamba kuwerengera sabata ndi sabata mtengo wa buledi ndi makeke otuluka m'nyumba zophikira, ndipo inakhala yoyamba padziko lonse kugwira ntchito ya mu ofesi ya malonda mosalekeza. Mmodzi mwa amene ankailembera malangizo, kuyambira 1952, anali Mary Coombs, mayi woyamba kugwira ntchito yotere pa kompyuta ya malonda.

Tsono tamvani chimene chinachitika kuyambira 1954. Nyumba za tiyi zija ankaziyang'anira makamaka ndi amayi. Nyumba iliyonse inali ndi muyeso wa zakudya zimene inkalandira masiku onse. Masana aliwonse mayi woyang'anira ankaimba lamya ku likulu, osatchula zonse ayi, koma zokhazo zimene afuna kusintha: onjezerani ichi, chepetsani icho. Makina aja ankaphatikiza zonsezi ndi kuuza ophika zoti aphike, olongedza zoti alongedze, ndi zoti galimoto iliyonse inyamule. Akuluakulu nawo ankalandira malipoti osonyeza zimene zikuyenda bwino ndi zimene zikubwerera m'mbuyo.

Apa pali nzeru ziwiri. Yoyamba ndi yakuti mtsogoleri safunika kuona nambala iliyonse. Afunika kuona msanga pamene zinthu zasiyana ndi zimene amayembekeza. Yachiwiri ndi yakuti makina onsewo ankadalira mayi uja wa pa lamya. Iye ndiye ankadziwa kuti kunja kwazizira ndipo anthu afuna chotentha. Akanati azinena zabodza poopa kudzudzulidwa, bwenzi makina akungokulitsa bodzalo ndi kulifikitsa patebulo la bwana litavala suti.

Koma nkhaniyi ili ndi mchira wowawa. Kumayambiriro a zaka za m'ma 1970 akuluakulu a Lyons anaganiza zokula msanga. Anagula makampani ena, monga Tetley wa tiyi ndi Baskin-Robbins wa ayisikilimu ku America mu 1973, ndi ndalama zangongole, zambiri za maiko akunja. Mphamvu ya ndalama ya ku Britain itatsika ndipo chiwongoladzanja chitakwera, ngongole inawalemera. Mu 1978 kampani ya Allied Breweries inagula Lyons, ndipo mu 1981 nyumba yotsiriza ya tiyi inatsekedwa. Akuluakulu athu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Kampani imene inkadziwa kuwerenga banzi iliyonse inagwa chifukwa cha zosankha zazikulu za pamwamba. Mawerengero ndi maso chabe. Kusankha njira ndi ntchito ya mutu.

Nanga ife, amayi, titengepo chiyani? Kope la ana a sukulu ndi pensulo n'zokwanira. Tsiku lililonse lembani zinthu zitatu: zimene mwapanga kapena kupikula, zimene mwagulitsa, ndi zimene zatsala kapena zatengedwa pangongole. Lembani ngakhale mandasi amene ana adya, pakuti nawonso atuluka mu ufa womwewo. Mwezi ukatha musawerenge mzere uliwonse. Funani masiku amene asiyana ndi anzawo, ndipo dzifunseni chifukwa chake. Ngati mwatuma mwana kapena wantchito kukagulitsa, musamukalipire akabwera ndi mbiri yoipa, chifukwa mawa adzakubisirani, ndipo mudzakhala bwana wopanda maso.

Inu a m'magulu osungitsa ndi kubwereketsa ndalama, pemphani msungichuma kuti aziwerenga mabuku pamaso pa onse pa msonkhano uliwonse. Ndipo musanatenge ngongole yokulitsira geni, khalani pansi ndi bambo a kunyumba, kope lili patsogolo panu, mufunsane kuti: mtengo wa ufa ndi mafuta ukakwera, kodi tidzabwezabe? Kope lidzakuuzani zimene mungakwanitse kusenza. Kulimvera kapena kusalimvera kuli kwa inu.

Tsalani bwino, tidzachezanso sabata yamawa.