Kudzaza Bwino Fomu Yofunsira Ntchito

Ulendo uno nkhani yathu ikukhudza achinyamata amene atsiriza sukulu ndipo ali pakalikiliki kufunafuna ntchito. Malo amodzi akalengezedwa m'nyuzipepala ya The Nation kapena The Daily Times, makalata ofika ku ofesi amakhala mulu. Amene amawasankha samudziwa mwana wathu, sadziwa kuti ndi waulemu kapena wakhama. Chimene ali nacho m'manja ndi pepala basi. Choncho pepalalo liyenera kunena zoona, ndipo zonse zolembedwamo ziyenera kugwirizana kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Tiyambe ndi dzina, pakuti apa ndi pamene mabanja athu a m'mbali mwa nyanja amapunthwa kawirikawiri. Mwana mmodzi yemweyo pa setifiketi adalembedwa Yusufu, pa chiphaso cha unzika Yusuf, ndipo pa fomu iye akulemba Yussuf. Wina kusukulu adalembetsa dzina la bambo ake, koma pa chiphaso adapereka la amalume amene adamulera. Kwa ife kumudzi ameneyu ndi munthu mmodzi. Kwa kalaliki woyerekeza mapepala ndi anthu osiyana, ndipo kalalikiyo alibe nthawi yofunsa.

Musanagwire cholembera, yalani pamphasa setifiketi ya MSCE yochokera ku MANEB pamodzi ndi chiphaso cha unzika cha ku NRB, chimene boma lidalembera nzika za zaka 16 kupita m'tsogolo m'chaka cha 2017. Yerekezani chilembo ndi chilembo, osaiwala tsiku lobadwa. Ngati zikusiyana, pitani kwa majisitireti kapena kwa loya mukalumbire kalata yotsimikiza kuti maina onsewo ndi anu, ndipo kope la kalatayo liziyenda limodzi ndi fomu iliyonse. Dzina lanu musalibise ayi. Akuluakulu athu amakumbukira nthawi ya atsamunda pamene ana ena ankasintha maina kuti alowe sukulu za mishoni. Lamulo la ntchito la 2000, lotchedwa Employment Act, limaletsa kusala munthu chifukwa cha chipembedzo, chilankhulo, kapena poti ndi mwamuna kapena mkazi.

Chachiwiri, werengani chilengezo ndi fomu yonse kawiri musanalembe kanthu. Akati mulembe ndi zilembo zazikulu, chitani zomwezo. Akati inki yakuda, musatenge yofiira. Ndi nzeru kujambulitsa fotokope ya fomuyo ndi kuyamba mwayeserera pamenepo, kuti yeniyeniyo isakhale yofufutafufuta. Funso limene silikukukhudzani musalisiye chabe, lembanipo N/A, kuti aone kuti mudaliwerenga. Pamene simukumvetsa funsani aphunzitsi kapena wina amene ali kale pa ntchito. Paja safunsa adadya phula.

Chachitatu ndi zotsatira za mayeso. Pa MSCE, 1 ndi 2 ndi disitinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi pasi. Ngati akufuna kirediti ya Chingerezi inu muli ndi 7, musalembe 6 poganiza kuti sadzaona. Tsiku la mafunso amaitanitsa setifiketi yeniyeni, ndipo olemba ntchito angathe kufufuza ku MANEB. Munthu wolowa ntchito ndi bodza akhoza kuchotsedwa ngakhale papite zaka, ndipo kupeka setifiketi ndi mlandu wopita nawo kukhoti. Malipiro obwera ndi chinyengo sitingawadyetse ana athu ndi mtima woyera. Ndi bwino kubwereza mayeso kapena kukaphunzira luso kudzera ku TEVETA kusiyana ndi kuika banja lonse pamanyazi.

Komabe kunena zoona sikutanthauza kudzichepsa. Ambiri pa funso la ntchito zimene adagwirapo amalemba kuti palibe, chonsecho kwa zaka zingapo akhala akulemba mabuku a ndalama pa bizinesi ya usipa ya mayi awo, kukonza injini za maboti, kapena kuphunzitsa ana ku madrasa. Zonsezi ndi ntchito. Zilembeni momveka: mudayamba liti, mudasiya liti, munkachita chiyani, munkayang'anira anthu angati. Pa funso la zilankhulo tchulani Chiyao, Chitonga kapena Chiarabu ngati mumazidziwadi, pakuti chipatala kapena bungwe logwira ntchito m'midzi ya ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota limasowa munthu womvana ndi eni dera.

Za mboni nazo tisamale. Sankhani anthu okudziwani pa sukulu kapena pa ntchito, monga ahedi, bwana wanu wakale kapena shehe amene mudagwira naye ntchito, osati achibale. Apempheni kaye musanalembe maina awo. Mboni ikaimbiridwa foni n'kuyamba kufunsa kuti mukunena yani, mwayi wathera pomwepo. Nambala ya foni imene mwalemba ikhale yoti mumayankha nokha, ndipo keyala ikhale ya malo amene makalata amatengedwa kawirikawiri.

Potumiza, musapereke setifiketi yeniyeni. Tumizani makope, ndipo akati akhale otsimikizika, kawadinditseni kwa majisitireti kapena kwa loya. Sainani, lembani tsiku, ndipo sungani kope la fomu yodzazidwayo kuti mudzaliwerengenso musanapite ku mafunso. Kaya ndi pa positi, pa intaneti kapena kukapereka pamanja, musadikire tsiku lotsekera, chifukwa magetsi, netiweki ndi minibasi sizilonjeza munthu. Tichenjezanenso za akamberembere oimba foni kuti mutumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba kuti dzina lanu lilowe. Ntchito yeniyeni sigulidwa.

Kwa inu makolo, pempho lathu ndi ili: mwana akabwera ndi fomu, mpatseni malo abata ndi nyali, musamutume kudooko kapena kumsika mpaka atatsiriza. Ndipo ana amene adakali kusukulu, onetsetsani lero lomwe kuti dzina limene alembetsa mayeso ndi lomwelo limene lidzakhale pa chiphaso chawo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tidzakumanenso m'kope likudzali, Insha Allah. Wassalam.