Matupa Okha Sangatifikitse Patali

Pali anthu ena, ophunzira ndithu, amene akufalitsa maganizo akuti makina osalaza zitsulo abwera kudzalanda ntchito za amisiri athu. Ife tikuti maganizo otereŵa ngosokeretsa, ndipo sitingawalekerere.

Chitsulo chikadulidwa kapena kubooledwa, m'mphepete mwake mumatsala timinga takuthwa timene pa Chingerezi amati burr. Timingati timacheka manja, timalepheretsa zitsulo kugwirana bwino, ndipo tikathothokera m'kati mwa injini timayenda ndi mafuta nkumaperesa zonse. Penti nayenso sagwira pa mphepete yakuthwa, kotero kuti dzimbiri limayambira pomwepo. Nchifukwa chake muyezo wa ISO 8501-3 umafuna kuti pa ntchito yapamwamba mphepete ikhale yobulungira ndi mamilimita osachepera 2.

Kodi ntchito imene anzathuŵa akuitchinjiriza njotani? Ndi ya munthu woŵerama tsiku lonse ndi tupa kapena girayinda, fumbi likuloŵa m'mapapo, tizidutswa tikuthethekera m'maso. Kunjenjemera kwa girayinda kumaononga mitsempha mpaka zala kuchita dzanzi losatha, ndipo maiko a ku Ulaya anachita kuika lamulo m'chaka cha 2002 lochepetsa kunjenjemera kumene manja a wantchito angalandire pa tsiku. Fumbilo nalonso limapha. Pa 2 Ogasiti 2014, mumzinda wa Kunshan ku China, fumbi la aluminiyamu linaphulika m'fakitale yopukuta mikombero ya magalimoto, ndipo anthu 146 anataya miyoyo. Kodi umenewu ndiwo mwayi woti tiusungire ana athu?

Makina amachita ntchitoyi mwanjira zingapo. Malata amadutsa pansi pa lamba wa sandipepa ndi maburashi ozungulira. Timinga tobisika m'mabowo amatitentha m'chipinda chotseka ndi moto wa gasi wosatha ngakhale sekondi imodzi, chitsulo chenichenicho osaonongeka. Koma njira yoyenera ife kuiganizira msanga ndi ya mtsuko wogwedezeka: tizitsulo timathiridwamo pamodzi ndi madzi ndi timiyala ta dothi lootcha, nkumakhulana tokha mpaka kusalala, fumbi osauluka.

Adzatiuza kuti makina ngodula ndipo amafuna magetsi. Zoonadi, wowotcherera wa pamsika sangagule loboti. Komatu mtsuko uja ndi mota, masipuling'i ndi chitsulo cholemera mbali imodzi basi, zinthu zimene masukulu athu a ntchito zamanja angathe kulumikiza. Ndipo makina sadzitchera okha. Amafuna mmisiri wosankha timiyala, woŵerenga nthaŵi, woyesa mphepete, ndiye kuti mwini tupa yemwe uja ataphunzitsidwa.

Tsono inu ogwira ntchito m'boma, amene mumaitanitsa madesiki a m'sukulu ndi mabedi a m'zipatala, lembani m'mgwirizano kuti mphepete zonse zikhale zosalazidwa. Katundu akafika, yendetsani kansalu m'mphepetemo musanasaine. Kakakodwa kapena kung'ambika, katunduyo abwerere kwa mwini wake, ndipo ndalama zisatuluke mpaka atamukonza.