CHENJEZO: Makoko a zipolopolo si zitsulo zotola, ndipo madzi otsukira ndi poizoni

Kwa makolo, mafumu, aphunzitsi ndi nonse ogula kapena kugulitsa zitsulo zakutha m'dera la Mfumu Yaikulu Chitukula, komanso anzathu a ku Nsaru, Kabudula, Mpingu, Nambuma ndi Namitete: mukapeza chipolopolo kapena khoko lake m'munda, kudambo kapena m'thumba la kabudula wa mwana wanu, musachitenge ngati chuma chotola. Musachitsuke, musachimenye ndi hamala, musachiponye pamoto.

Malonda a zitsulo zakutha afika m'midzi. Anyamata a panjinga amazungulira ndi sikelo, ndipo ngakhale mwana wa sitandade 3 akudziwa kuti chitsulo chachikasu chimagulidwa bwino kuposa chitsulo wamba. Makoko ambiri a zipolopolo ndi amtundu umenewo, mkuwa magawo 70 pa 100 aliwonse, otsalawo n'kukhala zinki. Akangowala pang'ono, diso la mphawi limaona ndalama ya mchere.

Wina afunsa kuti zipolopolo zingapezeke bwanji kuno kumene sikunachitikeko nkhondo. Akuluakulu akukumbukira. Nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique inayamba mu 1977 n'kutha mu 1992, ndipo boma lathu la Lilongwe limachita malire ndi dzikolo cha ku Dzalanyama, kumene anthu ndi katundu ankadutsa usana ndi usiku. Mu Disembala 1993 asilikali a dziko lino analanda zida apayoniya pa ntchito imene inatchedwa Operation Bwezani, ndipo ambiri mwa apayoniyawo anathawa, ena mpaka kulowa ku Mozambique. Onjezeranipo alenje ndi mbava za mfuti za masiku ano. Zimene zinagwera m'nthaka nthawi zonsezi khasu ndi madzi a mvula zimazivumbulula pang'onopang'ono.

Ngozi yoyamba aliyense akhoza kuimvetsa. Kumbuyo kwa chipolopolo kuli kachitsulo kozungulira ngati batani, ndipo mkati mwake muli mankhwala amene amayaka akangogundidwa mwamphamvu kapena kutenthedwa. Chipolopolo chimene chakhala m'dothi zaka 30, chodetsedwa ndi chadzimbiri, chikhoza kukhalabe chamoyo. Chikaponyedwa pambaula kapena m'ng'anjo ya osula mapoto, khoko limaphulika, tizidutswa take n'kulowa m'maso kapena kudula zala. Chinthu chokulirapo, chooneka ngati chinanazi chachitsulo kapena mtondo waung'ono wokhala ndi zipsepse kumbuyo, chimenecho ndi bomba, ndipo chikhoza kupha banja lonse pakhonde.

Koma ngozi imene yandichititsa kulemba ndi yachiwiri, yosamveka phokoso.

Ku America ndi ku South Africa kuli anthu okhala ndi ziphaso za mfuti amene amasunga makoko akawombera. Amawatsuka m'kamgolo kozungulira ndi magetsi, momwe amathiramo madzi, sopo ndi timisomali ting'onoting'ono tachitsulo chosachita dzimbiri. Timisomalito timapala mwaye mkati ndi kunja kwa khoko mpaka liwale ngati latsopano. Madzi amatuluka akuda bii, ndipo timisomali timafunika kutsukuluzidwa kangapo tisanagwirenso ntchito. Osamala mwa iwo amavala magolovesi, ndipo satsukira zimenezi pamalo ophikira. Chifukwa chake ndi chimodzi: m'mwaye wakudawo muli mtovu. Mankhwala a m'kabatani kaja kawirikawiri amapangidwa ndi mtovu, mutu wa chipolopolo nawonso nthawi zambiri mkati mwake ndi mtovu, ndipo mfuti ikalira fumbi lake limamatirira m'khoko.

Tsono ganizani za kwathu kuno. Ife tilibe kamgolo ka magetsi kapena magolovesi. Amene akufuna kuwalitsa mkuwa kuti ugulidwe bwino atenga beseni, mchenga, phulusa ndi mandimu, wolimba mtima athiramo ndi asidi wa batire ya galimoto. Beseni lake ndi lomwelo limene mayi atsukiremo mbale madzulo, kapena kusambitsiramo khanda. Madzi akuda awakhuthulira kuseri kwa nyumba kumene nkhuku zimapalasa ndi ana amaumba ng'ombe zadothi, kapena m'ngalande yolowera kudimba la mpiru. Zowawasa ngati mandimu ndi asidi zimasungunula mtovu n'kuulowetsa m'madzi, choncho amene watsuka kwambiri ndiye wamwaza poizoni wochuluka. Palinso ana amene amaika khoko pamlomo n'kumaliimba ngati wezulo. Makolo timangoseka kuti mwana ndi wanzeru.

Mtovu ulibe fungo, ndipo sugwetsa munthu tsiku lomwelo. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene tinganene kuti ndi wosaopsa. Thupi la mwana wamng'ono limayamwa mtovu wochuluka kanayi kapena kasanu kuposa la wamkulu, ndipo umakawononga ubongo umene ukukula. Mwana amayamba kuiwalaiwala, kukwiya msanga, kusowa magazi, kudandaula m'mimba, kubwerera m'mbuyo kusukulu. Ukachuluka amakomoka ndi kugwedezeka ngati wakhunyu, ndipo ife timathamangira kunena kuti walodzedwa. Kwa mayi woyembekezera, mtovu umadutsa n'kufika kwa mwana ali m'mimba. Ubongo ukawonongeka nawo subwereranso mwakale.

Izi zinawagwera kale anzathu. Ku Zamfara m'dziko la Nigeria, mu 2010, ana oposa 400 anamwalira chifukwa makolo ankaperera m'makomo miyala ya golide yokhala ndi mtovu. Ku Thiaroye-sur-Mer, kufupi ndi Dakar ku Senegal, ana 18 anamwalira pakati pa 2007 ndi 2008 m'dera limene anthu ankaswa mabatire akale a galimoto. Pafupi pompa ku Kabwe, Zambia, mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994 koma ana akudwalabe ndi fumbi lake mpaka lero. Makoko ochepa a m'beseni sangafanane ndi mgodi, n'zoona, koma poizoni wake ndi yemweyo, ndipo amaunjikana m'mafupa zaka ndi zaka.

Musadzinamize kuti kuwiritsa madzi kapena kuthiramo kolorini kukuthandizani. Zimenezo zimapha tizilombo ta kolera, mtovu siziukhudza. Madzi akamaphwa pamoto, mtovu umatsalira m'poto momwemo.

Mukapeza chipolopolo kapena chinthu chooneka ngati bomba, chisiyeni pomwepo. Ikani chizindikiro cha nthambi chapatali ndithu, chotsani ana ndi ziweto, dziwitsani anyakwawa ndi achitetezo cha m'mudzi, iwo akauze apolisi. Musachinyamule panjinga kuti mukachionetse ku polisi, apolisiwo ndi amene abwere. Kumbukiraninso kuti lamulo la mfuti la dziko lino limaletsa kusunga zipolopolo popanda chilolezo, ndipo kunena kuti ndinangotola sikumuchotsera munthu mafunso.

Ngati mwatsukirapo kale makoko m'beseni kapena m'poto, chiwiya chimenecho chisabwererenso kukhitchini. Pamene munkatayira madzi pakwirireni ndi dothi latsopano lochuluka, ana asamasewerepo, ndipo musadzalepo ndiwo zamasamba. Sambani m'manja ndi sopo musanagwire chakudya, ndipo zovala zogwirira ntchito ya zitsulo muzizichapa pazokha. Mwana amene wakhala akuseweretsa makoko, makamaka ngati akudwaladwala m'mimba kapena wasintha khalidwe, pitani naye kwa alangizi a zaumoyo kapena kuchipatala chapafupi, kaya ku Kabudula kapena ku St Gabriel ku Namitete, ndipo mukanene mosabisa chimene ankagwira, chifukwa dokotala sangalote.

Inu ogula zitsulo, kanani makoko ndi zipolopolo, makamaka zochokera m'manja mwa ana, poti mukagula kamodzi mawa abwera ndi thumba. Inu osula mapoto, musasungunule zimenezi pamodzi ndi zitsulo zopangira ziwiya zophikira. Mafumu, tikupempha kuti mulengeze uthengawu pamaliro ndi pamisonkhano ya m'mudzi, aphunzitsi muunene pa asembule, ndipo inu makolo, madzulo ano pisani m'matumba mwa ana anu.