Chipani chikaletsedwa, mtsogoleri amatani?

Ambirife dziko la Croatia tinalidziwira pa mpira, pomwe Luka Modrić ndi anzake anafika mu fainolo ya World Cup mu 2018. Nanenso ndinali chimodzimodzi, mpaka sabata yatha pomwe ndinachezera pa foni kuwerenga za bambo wina amene dzina lake ndinali ndisanalimvepo: Vladko Maček.

Tibwerere mu 1928. Nthawi imeneyo Croatia sinali dziko loima palokha, inali mbali ya ufumu wolamulidwa kuchokera ku Belgrade. Chipani chachikulu cha anthu a ku Croatia chinali cha alimi, HSS, chotsogoleredwa ndi Stjepan Radić, katswiri pokoka anthu ndi pakamwa. Pa 20 June chaka chimenecho, phungu wina, Puniša Račić, anatulutsa mfuti m'nyumba ya malamulo momwemo. Aphungu awiri a HSS anafera pomwepo, ndipo Radić anamwalira ndi mabala pa 8 August.

Udindo unagwera Maček, loya wofatsa. Asanakhazikike n'komwe, pa 6 January 1929 Mfumu Alexander inathetsa malamulo oyendetsera dziko, kubalalitsa nyumba ya malamulo ndi kuletsa zipani. Mu October dzikolo linatchedwa Yugoslavia, n'kugawidwa m'zigawo 9, zambiri zotchedwa mayina a mitsinje, kuti mayina akale monga Croatia ndi Serbia asamamveke.

Poyamba Maček ankaganiza kuti mwina mpata wapezeka. Ankayerekeza dzikolo ndi chovala chomwe mabatani ake amangidwa molakwika: umayamba wamasula onse kenako n'kumanganso bwino. Koma mfumu inalibe maganizo opatsa Croatia ufulu wodziyendetsa. Mu December 1929 Maček anamangidwa, ndipo khoti linamupeza wosalakwa mu 1930.

Apa ndi pamene nkhaniyi inandigwira mtima. Atsogoleri otsutsa anali ndi njira zitatu. Juraj Krnjević ndi August Košutić a HSS anatuluka m'dziko kukadandaula kunja, ndipo Krnjević anakhazikika ku Geneva. Ante Pavelić, wa chipani china, anathawira ku Italy n'kuyambitsa gulu la zida la Ustaše. Maček anatsala kwawo, wopanda ofesi, wopanda msonkhano wololedwa, apolisi ali naye maso.

Kutsalako kunali ndi mtengo wake. Mu November 1932 iye ndi anzake anagwirizana mfundo ku Zagreb zodzudzula ulamuliro wa mfumu, ndipo mu 1933 anagamulidwa zaka zitatu m'ndende. Chaka chomwecho wachiwiri wake, Josip Predavec, anaphedwa.

Mfumu Alexander inawomberedwa ku Marseille pa 9 October 1934, pachiwembu chomwe a Ustaše anatengapo mbali. Kodi mfutiyo inabweretsa ufulu? Ayi, ulamuliro unangopita kwa msuweni wake, Prince Paul. Maček anatulutsidwa, ndipo mu 1935 anatsogolera mgwirizano wa otsutsa pachisankho chomwe munthu ankavota poyera, aliyense akumva. Ngakhale zinali choncho, alimi a ku Croatia anamuvotera mwaunyinji. Chipani chomwe chinaletsedwa papepala chinali chamoyo m'midzi. Mu August 1939 boma linagonja: Croatia inapatsidwa chigawo chodziyendetsa, Maček n'kukhala wachiwiri kwa nduna yaikulu. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Iye anadekha zaka khumi.

Koma tisamusandutse mngelo. Germany italowa m'dzikolo mu April 1941, anakana kukhala mtsogoleri wa boma la chidole, komabe anapempha anthu kuti amvere olamulira atsopano, omwe anali a Ustaše aja. Iwowa anapha anthu miyandamiyanda, ndipo Maček yemweyo anamutsekera ku Jasenovac. Kudekha komwe kunamuthandiza pamaso pa mfumu kunamulepheretsa pamaso pa zigawenga. Anamwalira ali kunja, ku Washington, mu 1964.

Ife a m'badwo wa foni timafuna zinthu zisinthe bandulo isanathe, ndipo wodekha timamutcha wamantha. Maček wandiphunzitsa kuti kudekha kumatha kukhala kulimba mtima, komanso kuti pali tsiku lomwe kukhala chete kumasanduka kulakwa. Chovuta n'kudziwa kuti tsikulo lafika liti. Inu mukanakhala pampando wake mu 1929, mukanasankha njira iti?