Seva Yodzipangira Nokha ndi PHP

Aliyense amene wadzilembera seva yakeyake amafika tsiku lofuna kuti sevayo iziyendetsa PHP, ndipo apa m'pamene ambiri amatsamwa. Seva payokha imangodziwa kulandira pempho n'kutumiza fayilo. Ikatumiza fayilo ya PHP osaipereka kaye kwa pulogalamu yoimasulira, malamulo onse amaonekera poyera, ngakhale mawu achinsinsi olowera mu database. Njira yakale ndi CGI, yomwe inayamba mu 1993: seva imadzutsa pulogalamu ya php-cgi, kuiuza zinthu monga SCRIPT_FILENAME, REQUEST_METHOD ndi QUERY_STRING, kenako n'kutenga zotuluka kukapereka kwa wopempha uja. Vuto lake n'lakuti pempho lililonse limadzutsa pulogalamu yatsopano, choncho alendo akachuluka makina amalema. FastCGI, ya mu 1996, inathetsa zimenezi posiya PHP ili maso kudikira ntchito, ndipo umu ndi mmene seva ya Nginx imalankhulirana ndi pulogalamu ya PHP-FPM mpaka lero, kawirikawiri pa port 9000. Tisaiwalenso za mu 2012, pamene chilema cha mu php-cgi chinkalola akathyali kuwerenga malamulo a mawebusaiti n'kuyendetsa awoawo pongowonjezera timawu pa keyala. Ngakhale seva imene imabwera ndi PHP kuyambira pa mtundu wa 5.4, eni ake amachenjeza kuti ndi yoyeserera chabe. Ine ndikuti pangani seva yanu, chifukwa mudzaphunzira zambiri za mmene intaneti imagwirira ntchito, koma ndalama ndi zinsinsi za makasitomala musazisungitse pamenepo.

Wolemba: Mmisiri wa Makompyuta