Thomas Baines ndi Chithunzi Chake cha Doko la Tete

Anzanga ndi inu aphunzitsi athu, palibe mwana wa sukulu amene sadziwa dzina la Dr. David Livingstone. Koma mutafunsa m'kalasi kuti Thomas Baines anali yani, ambiri angangoyang'ana pansi. Ine ndikuti munthu ameneyu tikumlakwira pomuiwala, monga anamlakwiranso amene anayenda naye.

Baines anabadwa m'chaka cha 1820 ku King's Lynn, mudzi wa ku Mangalande umene uli ndi doko pa mtsinje wa Great Ouse. Luso lake analiyambira kwa mmisiri wopaka utoto ndi kulemba zizindikiro pa ngolo za akavalo. Mu 1842 anakwera chombo napita ku Cape Town, ndipo mu 1855 anatsagana ndi Augustus Gregory kukaona dziko la kumpoto kwa Australia, kumene mtsinje wina utchedwa Baines River kufikira lero. Tsono mu 1858 analembedwa pa ulendo wa Livingstone wa ku Zambezi, napatsidwa ntchito ziwiri: kujambula ndi kusunga katundu.

M'chaka cha 1859 anajambula mudzi wa Tete ndi utoto wa mafuta. Anauyang'ana kuchokera tsidya la kumpoto, ndilo tsidya lathu lino, kotero kuti woona chithunzicho ali ngati mlendo amene wafika pa gombe nadikira bwato. Patsogolo pali Zambezi wotambalala, kutsidya kuli nyumba za mudziwo, ndipo kuseri kwake kuli mapiri ndi thambo. Baines sanali woumira utoto ayi. Madzi awala, mtunda uoneka wopsa ndi dzuwa, ndipo amene anafikako ku Tete m'mwezi wa October adzavomera kuti kutentha kwake ndi komweko. Makina ojambulira a masiku amenewo sankatha kuonetsa mitundu, choncho chimene diso linaona pa dokolo tichidziwa chifukwa cha dzanja la munthu uyu. Lero paja malowo anasintha. Mlatho unamangidwa mu 1973, umene pankadutsa magalimoto a katundu ochokera ku Mwanza kunka ku Zimbabwe, ndipo kuyambira 1974 madzi a mtsinjewo amayamba atsekedwa ndi damu la Cahora Bassa.

Chimodzi chokha ndidandaula nacho chithunzichi. Pa doko limenelo mabwato ankanyamula minyanga ya njovu ndi golide kutsikira nazo ku Sena ndi ku Quelimane, nabwerako ndi nsalu, mikanda ndi mfuti, komanso pomwepo pankagulitsidwa anthu. Ukauonera patali mudzi wotere ukongola koposa muyeso.

Tsono imvani mlandu wake. Pamene Livingstone anali kukwera mtsinje wa Shire, Baines anatsala ku Tete ndi katundu, ndipo malungo ankamgwira kawirikawiri mpaka kubwebweta. Shuga ndi zinthu zina zinapezeka zoperewera. Charles Livingstone, mng'ono wake wa Dokotala, sankamvana naye Baines, ndipo mau ake ndiwo anamveka. Dokotala anamchotsa ntchito mu 1859, nati ndi wakuba, natinso amataya nthawi ndi utoto wa ulendo pojambula nkhope za Apwitikizi. Baines anapempha kuti mlanduwo uzengedwe poyera kuti adziyankhire, koma anamkaniza, ndipo anafa dzina lake lisanayeretsedwe.

Apa ndi pamene mtima wanga uwawa. Kwathu kumudzi, ngakhale mlandu wa nkhuku, anyakwawa sagamula asanamve mbali zonse ziwiri. Nanga bwanji mlandu wa dzina la munthu? Kapena wina adzati, "Iwe mwana wa Fomu 4, ndiwe yani kuti udzudzule munthu amene analimbana ndi ukapolo?" Ulemu ndimpatsa ndithu, pakuti ntchito imeneyo inali yaikulu. Koma ukulu wa munthu suwongola chiweruzo chokhota. Mwina Baines sankalemba bwino m'buku la katundu, zimenezo ndingavomere. Komatu kusasamala ndi kuba ndi zinthu ziwiri, ndipo kuuza munthu wodwala kuti dzanja lina ligwire burashi, lina liwerenge matumba a shuga, ndiko kumtchera msampha.

Iye sanataye burashi. Mu 1862 anafika ku Victoria Falls pamodzi ndi James Chapman, ndipo zithunzi zake za mathithiwo zinasindikizidwa ku London mu 1865. Milambe imene anajambula pa ulendo womwewo, m'dziko limene tsopano ndi Botswana, itchedwa ndi dzina lake. Pambuyo pake anakafuna golide m'dziko la mfumu Lobengula, osapindula kanthu, namwalira ku Durban mu 1875 ali wosauka, ali ndi zaka 54. Zithunzi zake zambiri za ku Zambezi zisungidwa ku Royal Geographical Society ku London.

Ndipempha aphunzitsi athu a mbiri yakale kuti pamene atiphunzitsa za ulendo wa ku Zambezi azitchulako mlandu umenewu, ndiponso atipezere chithunzi cha Tete chija tichipachike m'nyumba yathu yowerengeramo mabuku.