Pikapu yowerama kutsogolo ilibe chilema

Pa Facebook, YouTube ndi TikTok pafala nkhani yoti mapikapu akuluakulu a ku America, monga Ford F-250, Ram 2500 ndi Chevrolet Silverado 2500HD, amatuluka m'fakitale ali ndi chilema: kutsogolo n'kotsika, kumbuyo n'kokwera. Mankhwala ake akuti ndi leveling kit, tizitsulo tokwezera kutsogolo ndi mainchi 2 kapena 2.5, kuti galimoto iime mowongoka komanso matayala a mainchi 35 alowe. Kenako amatsimikiza kuti kusintha pang'ono chonchi sikukhudza china chilichonse. Ife tikukana, ndipo cholakwika chayambira pomwe akuti pali chilemapo.

Kuweramako n'kwadala. Galimoto zimenezi anazipangira kusenza ndi kukoka, ndiye masipuling'i akumbuyo anawasiyira mpata woti afinyike. Mukalongeza matumba a simenti kapena kukoloweka ngolo yolemera, kumbuyo kumatsika ndipo m'pamene galimoto imawongoka. Tsono mukaiwongola ili yopanda kanthu, ikasenza idzaima chogada. Chokolowekera ngolo chili kumbuyo kwa matayala akumbuyo, choncho kulemera kwa ngolo kumapepuza kutsogolo, komwe kuli chiwongolero ndi mphamvu yambiri ya mabuleki. Nyali zomwe zinali zokwezeka kale zimaloza m'maso mwa dalaivala wobwera kutsogolo. Mwini wake saona vuto, wovutika ndi amene akudutsana naye usiku.

Gwadani musuzumire kunsi. Ford F-250 ndi Ram 2500 zokoka ndi matayala onse anayi zili ndi axle imodzi yopingasa kutsogolo, ndipo chimene chimaigwira kuti isasunthire m'mbali ndi chitsulo chotchedwa track bar, chomangidwa ku chasisi mbali imodzi ndi ku axle mbali inayo. Chitsulocho sichitalika. Mukakweza chasisi, chimakokera axle kumbali, moti mukaima kutsogolo kwa galimoto muona tayala limodzi litatulukirako kuposa linzake. Nthawi yomweyo zitsulo zogwira axle kuchokera kumbuyo zimaipotoza pang'ono, n'kuchepetsa caster, kupendekeka kumene kumabweza chiwongolero pakati mukamaliza kukhota. Caster ikachepa galimoto imayendayenda mumsewu, ndipo ngati mabushi atha kale, kunjenjemera koopsa kwa matayala akutsogolo komwe anthu a ku America amati death wobble kumapeza poyambira. Ya Chevrolet anaipanga mosiyana: tayala lililonse lakutsogolo limayenda palokha pa torsion bar. Kumeneko kukweza kumadya mpata woti tayala litsikire pansi likalowa m'dzenje, galimoto imagunda mouma, ndipo ma CV joint ndi ma ball joint amagwira ntchito atapindika kuposa mmene anawapangira.

Nanga matayala aja? Apa m'pamene malonda aposa choonadi. Kachitsulo koikidwa pamwamba pa sipuling'i kamasintha pamene galimoto imaima, koma malire a pamene axle imafika ikagunda bampu mwamphamvu amakhala pomwe anali, pokhapokha mutatsitsanso mphira woimitsa axle. Tayala lomwe silikhudza paliponse pabwalo la galaja lingathe kupala bodi pokhota pamsewu wa mabampu, ndipo nthawi zambiri mlandu umakhala wa limu lotulukira kunja kwambiri, osati msinkhu. Kuchoka pa mainchi 33 kupita pa 35 ndi kukula kwa pafupifupi 6 peresenti: muvi wa liwiro ukamaloza 100, galimoto ili pa makilomita 106 pa ola. Mabuleki ndi omwe aja, koma akuimitsa tayala lalikulu komanso lolemera.

Otitsutsa ali ndi mfundo imodzi yomveka. Amati makampani eni ake amakweza: Ford inatulutsa Super Duty Tremor ya 2020 yokwezedwa kutsogolo ili ndi matayala a mainchi 35, ndipo Ram ili ndi Power Wagon yokwezedwanso. N'zoona, koma umboniwu uli mbali yathu. Makampaniwa anasintha masipuling'i ndi mashoko, anachuna kompyuta kuti igwirizane ndi matayala, ndiponso analemba poyera katundu amene galimoto yosinthidwayo inganyamule. Power Wagon imaloledwa kusenza zochepa kwambiri poyerekeza ndi Ram 2500 wamba. Ngati mainjiniya a kampani anavomera kutaya china kuti apeze msinkhu, wogulitsa tizitsulo tiwiri m'katoni sanganene kuti iye wapeza msinkhu waulere. Ena amati anthu ambirimbiri anakweza ndipo palibe chinachitika. Mwina n'zoona kwa amene galimoto yawo imangonyamula dalaivala. Enanso amathamangira lamulo la ku America la Magnuson-Moss la 1975, kuti walanti siingathe. Lamulolo limaletsa kampani kukana kukonza chifukwa chongoona chitsulo chachilendo, koma sililetsa kukana ngati chitsulocho n'chimene chawononga.

Palinso woyenda pansi, amene m'mavidiyo aja satchulidwa. Kafukufuku wa 2023 wa IIHS, bungwe la ku America loona za chitetezo cha pamsewu, anapeza kuti galimoto za boneti yopitirira mainchi 40 zikagunda munthu, ngozi ya imfa imakwera ndi pafupifupi 45 peresenti poyerekeza ndi za boneti yotsetsereka ya mainchi 30 kapena kuchepera. Mapikapu awa ndi aatali kale asanakwezedwe.

Sitikuti kukweza n'koletsedwa. Tikuti wochita zimenezi agule zonse: track bar yosinthika, zobwezera caster, mashoko otalikirapo, matayala oyenera kulemera kolembedwa pachitseko, kenako apite kokachunitsa matayala, nyali ndi muvi wa liwiro. Eni a Land Cruiser 79 kwathu kuno amvenso, pakuti kutsogolo kwake kunapangidwa mofanana ndi kwa Ford. Koma ngati galimoto yanu imadyera kusenza ndi kukoka, isiyeni iwerame.